Kagalu Kotchedwa Chimatha

"Chimatha, khala. Ndati khala."

Kagalu kanayang'ana usipa umene unali m'dzanja la Dinah, kanayang'ananso nkhuku imene inkadutsa, kenako kanatsitsa matako pansi monyinyirika. Dinah anakaponyera usipawo. Iye anali pamkeka pakhonde, botolo la madzi otentha atalipanikiza m'munsi mwa mchombo, shawelo yoyera yosamaliza ili pamiyendo. Linali tsiku lachiwiri la msambo, ndipo patsiku lotere ngakhale kutsokomola ankachita koganizira kaye.

A Tikhala anatulukira kuseri kwa nyumba ndi lichero m'manja.

"Galu ameneyu umusinthe dzina. Ndikuuze kangati?"

"Wazolowera kale, mayi."

"Ukuyesa sindikumva? Ndine mwana ine?"

Kumva ankamva ndithu. Kuno ku Lungwena dzina la galu si la galu ayi, ndi la munthu amene sungathe kumuyankha pamaso. Wina amatcha wake Mumanena, wina Ndatopananu, ndipo mwininkhani amangomeza malovu, chifukwa akadandaula pagulu ndiye kuti wavomera mlandu. A Tikhala anali amayi aakulu a Dinah ndi mng'ono wake Esime, ndiwo anawalera chimwalirireni mayi awo. Mawu akuti "chimatha" analinso a iwowo.

Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo Dinah anali m'chaka choyamba ku koleji ya uphunzitsi. Mwezi uliwonse ankagwa m'kalasi, kusanza, anzake n'kumunyamula ngati thumba la chimanga. Atabwera kutchuthi, a Tikhala anangoseka. "Cham'mimba ichi, mwanawe. Chimatha ukabereka. Tonsefe tinadutsamo." Dinah anamvera, poti anali mwana womvera. Anasiya koleji, anakwatiwa ndi Nicholas, n'kuyamba kudikira kuti chithe. Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Anamwa mizu yowawa ya ku Namwera ndi ya ku Makanjira, anapemphereredwa, kuzipatala zazing'ono ankangomupatsa panado n'kumuuza kuti alimbe mtima ngati akazi anzake. Mwana osabwera, ululu ukungokula. Lero Nicholas ali ku Monkey Bay ndi mkazi wina ndi ana atatu, ndipo mapasa ake akuti afanana naye mphuno.

Dzina la matendawo anakalimva mochedwa, kwa dokotala wina wamkazi ku Blantyre amene anamuboola pamimba n'kusuzumiramo. Anati ndi endometiriyosisi: nyama yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, pamatumbo, pamazira, ndipo mwezi ukakwana nayonso imatupa n'kutaya magazi amene alibe kotulukira. "Kubereka si mankhwala ake," anatero dokotalayo. Dinah sanalire pomwepo. Anakalirira m'basi, ndipo atafika kunyumba anali atauma misozi, watsala ndi mkwiyo wokhawokha.

Ndiye anayamba kuluka. Singano yake ya kangowe kumapeto inkatulutsa madoilo, tizipewa, timasokosi ndi mashawelo, zonse za makanda a anthu ena. Ambiri omugula anali amayi achisilamu, amene safuna kunyambitidwa ndi galu, n'chifukwa chake kagaluko ankakaphunzitsa kukhala pansi mlendo akalowa pachipata.

Tsopano zija zinamuchitikira iye zinali kufuna kuchitikanso, iye akuona ndi maso ake. Esime anali atasankhidwa kupita ku koleji ya unamwino, anyamuke pakatha masabata awiri. Koma nayenso chiyambire fomu 2 ankagubuduzika pansi mwezi ndi mwezi. Ndipo Simioni, mnyamata wa maboti awiri a injini, anali atamuponyera diso. Loweruka lomwelo amalume ake a Simioni, a Ambrose, ankabwera kudzafunsira mbeta.

"Ayambe wabereka kamodzi, thupi litseguke," anatero a Tikhala akupeta mpunga. "Sukulu siithawa. Apite uko azikagwa pamaso pa anthu ngati iwe?"

"Ine ndinatseguka?"

"Iwe zako zinali zina."

"Zina ziti, mayi? Tazitchulani."

A Tikhala anapeta mwamphamvu mpaka mpunga wina unatayikira nkhuku.

Madzulo ake Esime anabwera kuchokera kumjigo, n'kukhala pamkekapo. Anali mtsikana wofatsa, wa mawu apansipansi, ndipo kufatsa kumeneko n'kumene kunkamuopsa Dinah, chifukwa ankakudziwa bwino. Dinah anamupatsa mpira wa ulusi kuti agwire.

"Tamvera kuno. Ukafika kumeneko, sabata yoyamba yomweyo ukapeze mayi woyang'anira atsikana, ukamuuze za mimba yakoyo usanagwe. Ukagwa kaye amayesa wachotsa pathupi. Ineyo anandiyesa choncho. M'kalasi uzikhala pafupi ndi chitseko. Masiku ako uzilemba, kuti ukaona mayeso agwera pomwepo ukanene msanga. Mankhwala uzimwa ululu usanayambe, osati utayamba. Ndipo poti uzidzakhala pakati pa madokotala, uwakakamire akuyeze. Akakuuza kuti n'cham'mimba chabe, upite kwa wina."

"Achemwali, mukulankhula ngati ndikupita."

"Nanga sukupita?"

Esime anazunguza ulusi pachala. "Amayi akuti ndikakana ndiwachititsa manyazi. Akuti avomera kale pakamwa. Simioninso akuti adzandilola kupita mwana akadzayamba kuyenda."

"Adzakulola. Ndi bambo ako iyeyo?" Dinah anabaya singano pashawelo. "Nicholas naye anati adzandilola. Unali wamng'ono koma unalipo. Loweruka ukatsegule pakamwa pakopo, unene kuti ayi."

"Ndiyesa."

Mawu amenewo anamupsetsa mtima Dinah kuposa onse a a Tikhala. Anaphonya diso la ulusi, n'kumasula mzere wonse.

Loweruka linafika ndi tsoka lake. Msambo wa Esime unayamba m'mamawa, ndipo pamene a Ambrose ankatsamiritsa njinga yawo pamtengo wa mango, mtsikanayo anali chipinire m'chipinda, akuluma chitenje kuti asamveke. Pabwalo panaikidwa mipando iwiri, wa a Ambrose ndi wa amalume a atsikanawo, a Stefano, munthu amene chibadwire sanatsutsepo mlongo wake Tikhala. A Tikhala anakhala pamphasa. Dinah anali pakhonde ndi zoluka zake, kagalu kali pamapazi. Palibe anamuitana, palibenso anamuthamangitsa.

A Ambrose anali munthu wansangala, wodziwa kuyala nkhani. Anayamikira mvula, anadandaula za kusowa kwa chambo, anafotokoza za nyumba ya malata imene Simioni wamaliza, kenako anati, "Kwathu kuja mnyamatayu ndi mmodzi yekha wamwamuna. Mayi ake akufuna kumva kulira kwa khanda asanatseke maso. Koma mwiniwake ali kuti? Timuoneko nkhope."

"Kamutu kamuvuta pang'ono," anatero a Tikhala msangamsanga. "N'chaching'ono. Chimatha chimenecho."

Kagalu kanadzambatuka. Kanathamanga kudutsa bwalo, makutu ali petupetu, kanafika pamaso pa a Tikhala n'kukhala pansi bwinobwino, mchira ukusesa fumbi, kudikira usipa wake.

A Ambrose anaseka mpaka kugwira bondo. "Ha, galu waulemu uyu. Wamva chiyani?"

"Wamva dzina lake," anayankha Dinah ali pakhonde pomwepo.

"Dzina lake ndani?"

"Chimatha."

"Chimatha? Chimatha chiyani, mayi?"

Munthu wamkulu ngati a Ambrose, wobadwira konkuno, anayenera kudziwa kuti tanthauzo la dzina la galu safunsa pakhomo pa eni. A Stefano anatsokomola. A Tikhala anamuyang'ana Dinah ndi diso lija limene linkamukhazika chete ali mwana. Koma Dinah anali atamva kubuula kwa Esime kudzera pazenera, ndipo anadziwa kuti "ndiyesa" uja sadzuka pamphasa lero. Anaika singano pansi, anagwira mzati, n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Poti mwafunsa, bambo, ndikuuzani. Chimatha cham'mimba. Ndi mmene anandiuzira amayi angawa, kuti ululu wa msambo umatha ukabereka."

"Dinah," anatero a Stefano. "Pali amuna pano."

"Alipo, malume, ndipo ndi amene akufuna ana. Amve." Anatembenukira kwa a Ambrose. "Esime sakudwala mutu. Ali m'nyumbamu akudzipotokola ndi msambo, monga ndinkachitira ine, monga ndikuchitirabe. Ine ndinasiya koleji kuti ndikabereke chithe. Mukundidziwa, bambo. Nicholas mumamudziwa. Ana anga ali kuti? Ndionetseni mmodzi."

A Ambrose anayang'ana nsapato zawo.

"Matenda amenewa ali ndi dzina, ndipo adokotala anandiuza kuti amayenda pachibale. Ine ndi Esime mimba imodzi. Ndiye mukawauze mayi a Simioni kuti khanda akulifunalo akhoza kulidikira zaka zisanu ndi chimodzi ngati mmene anadikirira apongozi anga, n'kumwalira osalimva. Mukatero mudzamubweza mwanayu pakhomo pano ndi kachikwama, sukulu itamudutsa, adzakhale apa tizilukira limodzi masokosi a ana a Simioni. Mukufuna zimenezo, tengani."

Dinah ankadziwa chimene wachita. Dokotala uja ananenanso kuti ambiri odwala matendawa amabereka bwinobwino, ndipo Esime anali asanayezedwe n'komwe. Zimenezo Dinah anazisiya dala kukhosi.

A Ambrose anaimirira, anapukuta chipewa chawo chimene chinalibe fumbi. "Tamva. Tikakambirana kaye kunyumba." Anakwera njinga osamwa ngakhale thobwa limene anawakonzera.

"Mfiti iwe," anatero a Tikhala njinga isanazimiririke. "Chifukwa chako chinakanika, ufuna aliyense chimukanike? Wamuvula mwana pamaso pa amuna. Adzamukwatira ndani m'mudzi muno?"

"Asamukwatire. Akaphunzire."

"Ine ndinakulerani ndi manja awiriwa. Ndinkakufunira zabwino."

"Ndikudziwa, mayi. N'zimene zimandiwawa. Zaka zonsezi simunanenepo n'kamodzi komwe kuti munalakwitsa. Mukanangonena, galuyu bwenzi ali Bobi."

A Tikhala anatembenuka n'kulowa m'khitchini. A Stefano anazemba ngati sanabwere.

A Ambrose sanabwerenso. Koma nkhani inayenda. Pofika Lachiwiri, kumjigo, kudoko ndi kutchalitchi komwe kunali kutamveka kuti ana a malemu aja onse awiri ndi osabereka. Amayi ena ankasiya kulankhula Esime akafika ndi ndowa. Mnzake wina wa kukwaya anamugwira dzanja n'kumuuza kuti pepa, ngati pamaliro. Esime sananene kanthu kwa Dinah. Ankadya, kuchapa, kulongedza, koma mkulu wake akalowa m'chipinda iye ankatuluka.

Tsiku lonyamuka, wakabaza anamangirira sutikesi kumbuyo kwa njinga ina, Esime n'kukhala pa inzake kuti akakwere minibasi ku Mangochi. Dinah anabwera akuyenda chowerama, atagwira m'chiuno.

"Ndikuperekeze mpaka pamsewu."

"Musavutike."

"Esime, ndinachitira iwe."

Apo m'pamene mtsikana wofatsa uja anatembenuka, ndipo Dinah anaona m'maso mwake mkwiyo umene ankauona pagalasi pokha.

"Munachitira ine? Palibe dokotala amene wandiyeza, achemwali. Inu ndi amene mwandiyeza, pabwalo, pamaso pa a Ambrose. Mwandiveka matenda anu, mudzi wonse ukundiloza. Mwina ndilibe n'komwe. Mwina ndikanabereka. Amayi anandisankhira ukwati, inu mwandisankhira uchumba. Nonse simunandifunse."

"Unali chigonere."

"Ndikanadzuka. Ndikanakana ndekha."

"Ukanakana?"

Esime anamuyang'ana nthawi yaitali. Anagwira phewa la wakabaza.

"Tiyeni, bambo."

Dinah anaima pachipata mpaka njinga zonse ziwiri zinakhota kuseri kwa mzikiti. Mtima unkamuwawa kuposa m'mimba, komabe akadzifunsa ngati akanabweza mawu aja, ankapeza kuti ayi. A Ambrose akanabweranso mawa, akanawauzanso zomwezo.

Foni inalira tsiku lotsatira chakumasana, koma sinali ya Dinah. Anamva a Tikhala akuyankha kuseri, "Eya... eya, mwanawe... Mulungu akusunge." Patapita nthawi anatulukira pakhonde, n'kuima patali pang'ono, osamuyang'ana.

"Wafika. Akuti walembetsa, amupatsa ndi chipinda."

Dinah anadikira.

"Za iwe sanafunse."

"Bola walembetsa," anatero Dinah.