Chigoli Chimene Chinadya Dzino la Vidar

Kochi Bertil sankadziwa kuzungulira nkhani. Vidar Holmsten atangokwezedwa kuchoka ku timu ya achinyamata, anamuitanira m'kachipinda kake konunkha khofi n'kumuuza mosapsatira.

"Ndakutenga kuti uzimwetsa zigoli, osati uzitenthetsa benchi. Khirisimasi ikakupeza ulibe chigoli, ndikubwereketsa ku katimu kena kumpoto uko."

Kumpoto uko n'kumene Vidar anachokera, ndipo ankawadziwa bwino anyamata amene anabwereketsedwa kumeneko. Palibe amene anabwerako. Onse anathera ku fakitale yocheka matabwa, hoke, masewera a ndodo a pa ayezi aja, akungosewera Loweruka.

Ntchito imene anamupatsa pa ayezi inali yoima kutsogolo kwa goloboyi wa timu inayo kuti asaone. Ndi ntchito yagalu. Kumbuyo oteteza akukutibula ndodo kumsana, kutsogolo anzako akuwombera kamphira kolimba ngati mwala, kolunjika iwe. Vidar anaima pamenepo mwezi ndi mwezi, thupi lonse mikwingwirima, koma chigoli ayi.

Masewera omaliza Khirisimasi isanafike anali apakhomo. Mlongo wake Majken anakwera sitima kuchokera kwawo kudzamuonera. Koma bwalo silinadzaze chifukwa cha Vidar. Linadzaza chifukwa kaputeni wa timu, Göte Fahlén, anatsala ndi chigoli chimodzi kuti akwanitse mazana awiri. Akuluakulu a timu anali atagula kale maluwa kawiri konse, n'kufota chigolicho chisanabwere.

Masewera atatsala pang'ono kutha, Göte anawombera ali kutali. Kamphira kanauluka pamwamba kwambiri, kosalunjika n'komwe pagolo. Kanakapeza pakamwa pa Vidar, n'kukhota, n'kudutsa pansi pa mkono wa goloboyi.

Vidar anagwa chogwada. Magazi anali chuchuchu pa ayezi, dzino lakutsogolo lili poteropo. Sanamve kuwawa. Mumtima ankangoti, ndagoletsa, ndatsala, sindikupita kumpoto.

Lamulo la hoke ndi losavuta. Wosewera amene kamphira kamukhudza komaliza ndiye mwini chigoli, kaya kamukhudza pandodo kaya pamphuno. Lifali akapanda kuona, wowomberayo amapita yekha n'kukanena kuti chigolicho si chake. Palibe buku limene limamukakamiza, koma aliyense amatero, chifukwa ndi ulemu wa masewerawa. Ndiye palinso mwambo wina: mnyamata akamwetsa chigoli chake choyamba, wamkulu wa timu amatola kamphira mu ukonde n'kumupatsa kuti asunge.

Vidar anamuona Göte akubwera. Göte anayang'ana magazi, anayang'ana dzino, anamuyang'ana iyeyo m'maso. Kenaka analowera kumene kunali lifali, Vidar mtima n'kukhala pansi. Koma mkuluyo anangomudutsa lifali uja, n'kukatola kamphira mu ukonde, n'kukakweza m'mwamba. Chimkuzamawu chinatchula dzina la Göte Fahlén, bwalo lonse n'kuimirira. Maluwa achitatu aja anapeza ntchito.

M'chipinda chovalira munali keke yonona. Dokotala wa timu ankasoka mlomo wa Vidar pakona, anzake akudya.

"Aise, pakamwa pakopo ndiye pakuposa ndodo yako," anatero mmodzi mwa osewera, ena n'kuseka.

Ankadziwa onse. Apo ayi, nthabwalayo akanaiseka bwanji? Koma palibe amene anatukula mutu kumuyang'ana Göte, ndipo Vidar anangodikira.

Majken anamupeza panja, chipale chofewa chikugwa.

"Wanena?"

"A Göte anena okha."

"Anena liti? Pamaliro pako?"

"Majken, sindingakaime pakati pa anthu akudya keke n'kumati chigoli n'changa. Aziti ndimadzimva."

"Ndiye azikunena chiyani tsopano? Kuti ndiwe mwana wabwino? Taona pakamwa pakopo! Munthu wakugulula dzino, wakulanda chigoli, iwe n'kumuthandiza kuwomba m'manja!"

"Ndi kaputeni. Akungodikira kuti phokoso lithe."

"Iwe ndiwe mbuzi," anatero Majken, misozi ili lengelenge.

Sanalakwitse kwenikweni. Ife kuno tili ndi matenda athu. Timaphunzitsa mwana kuyambira ali kumsana kuti asadziike patsogolo, asadzitame, adikire ena amutchule. Timati ndi khalidwe. Koma khalidwe limeneli amapindula nalo ndi amene ali kale pamwamba, ndipo zimandinyansa kuti timalinyadira.

Kutacha, Bertil anamuitana Vidar. Anamuthirira khofi amene sakanatha kumwa ndi mlomo wosokawo, n'kumukankhira kabanzi ka sinamoni kamene sakanatha kuluma.

"Khirisimasi yafika," anatero kochiyo. "Kumpoto akukudikira."

Apo m'pamene lilime la Vidar linamasuka. "A kochi, chigoli chija n'changa. Kamphira kanandimenya ine."

"Ndinaona."

"Munaona?"

"Ndili ndi maso. Koma lifali analemba Göte, masewera anatha, nyuzipepala zatuluka. Ukanalankhula dzulo." Anapukusa mutu ngati wokhumudwa ndi iyeyo. "Womwetsa zigoli amene satha kulirira chigoli chake, ndimutani ine?"

Bodza lenileni. Vidar akanalankhula dzulo lakelo, Bertil yemweyu akanati mnyamatayu ndi wamatama, wasokoneza tsiku la kaputeni, saganizira timu. Khomo linali lotseka mbali zonse, ndipo onse awiri ankadziwa. Vidar anaimirira mwaukali, n'kukalongedza zovala zake.

Potuluka, chikwama paphewa, ndodo m'manja, anapeza Majken akumudikira pakhomo lalikulu la bwalo. Pomwepo panali kabati yagalasi yosungiramo zikho. Kamphira kaja kanali kataikidwa kale m'menemo, kokulungidwa ndi tepi yoyera yolembedwa dzina la Göte. Mwini dzina anaima pambali atavala jekete, wojambula wa nyuzipepala akumukonza kolala.

Göte atamuona Vidar anatsokomola. Anabwera n'kumugwira paphewa, mawu atatsitsa.

"Ndamva, mphwanga. Usadandaule, ukadali mwana. Udzamwetsa zambiri. Ine nthawi yanga yatha, ukumvetsa eti?"

Majken anatsegula pakamwa, koma Vidar anamugwira mkono. Anaika ndodo pansi, n'kupisa m'thumba. Dzino lija anali atalitola pa ayezi dzulo lake, n'kulikulunga m'kansalu poganiza kuti adzalisunga pamodzi ndi kamphira kake koyamba. Anatambasula dzanja la Göte, n'kuliikamo, n'kumupindira zala.

"Muliike momwemo, a kaputeni," anatero mokweza, mawu akutuluka mwachilendo pagweru paja. "Ndi limene linamwetsa. Musazilekanitse."

Göte nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anayang'ana m'dzanja mwake, n'kusowa poliika.

Wojambula uja sanamve bwino zimene zinanenedwa. Anangoona kaputeni ndi mnyamata atagwirana manja, n'kukweza kamera.

"Eya, choncho! Nonse awiri, tamwetulirani!"

Göte analephera. Vidar anamwetulira, milomo yonse yasa, mpaka ulusi wa dokotala unadukapo. Kenaka anatola ndodo yake, n'kumutsata Majken kusiteshoni.