Ng'anjo Siyaka Lachiwiri

Pafakitale ya makapu ndi mbale zadothi antchito ankamutchula kuti Mayi Zimitsani, chifukwa sankadutsa makina ongolira opanda chochita osawazimitsa. Ntchito yake inali yokonza tsiku loumba ndi tsiku lowotcha, ndipo fakitaleyo inali ya apongozi ake aamuna.

Iye asanabwere, ng'anjo yamagetsi inkayaka wogula akangotsokomola. Lero yatentha, mawa yazizira, mkuja aitenthetsanso, mkatimo muli timakapu towerengeka. Mayi Zimitsani anathetsa zimenezo. Anakonza zoti kumayambiriro kwa sabata anthu aziumba ndi kuumitsa, Lachinayi ng'anjo iziyaka itadzaza, katundu wina azilowa isanazizire mpaka Loweruka.

Lachiwiri lina m'mawa, mlamu wake woyang'anira zogulitsa, mng'ono wa mwamuna wake, analowa akuzunguza makiyi a galimoto pachala. Anati walonjeza mnzake wa hotela kuti makapu afika mkuja, ndiye ng'anjo iyake. Mayiyo anasuzumira pashelefu, naona kuti makapuwo sangadzaze ngakhale ngodya imodzi. Anamuuza kuti adikire Lachinayi. Mlamuyo anaseka, nati magetsiwo sanabwere nawo kuchokera kwawo, n'kupita kukatenga bambo ake.

Mkuluyo anabwera akutsimphina ndi ndodo yake, n'kupeza mpongozi wakeyo ataima kutsogolo kwa switchi yoyatsira ng'anjoyo. Oumba anali atasiya ntchito, manja ali matope okhaokha. Mayi Zimitsani chikwatiwire anali asanawayankhepo apongozi akewo.

"Mwananga, yatsa. Mlamu wako asachite manyazi."

"Bambo, munandiitana ndinu kuti magetsi asamatimalize. Ndikayatsa lero, mawa alamuwa abwera ndi mnzawo wina. Ngati ndakutopetsani, ndichotseni pompano anthu onsewa akuona, koma dzanja langa silikhudza switchi iyi."

Mlamuyo anayamba kulalata kuti pabanjapo palowa bwana watsopano. Mkuluyo anasuzumira m'ng'anjomo, anayang'ana timakapu tija nthawi yaitali, kenako anauza mwana wake kuti wolonjeza ndi iye, choncho amuimbire yekha wa hotelayo. Anatuluka osamuyang'ana mpongozi wakeyo.

Kunyumba mwamuna wa Mayi Zimitsani anadandaula kuti akanawatengera pambali bambowo. Iye anayankha kuti amene anasonkhanitsa gulu si iye, ndipo sapepesa. Mwamunayo anamulangiza kuti Lamulungu asapite nawo kukadya kwa makolo, mitima iyambe yazizira.

Lamulungulo Mayi Zimitsani ndiye anayamba kukwera galimoto, atavala diresi yake yofiira. Apongozi aakazi anamupatsa moni wa kunsonga kwa milomo, mlamu uja anakokera mpando wake kutali. Iye anakhala pakati penipeni, nadya bwinobwino, ndipo atamaliza anapempha mlamu wakeyo kuti amupatsire nyama ina.