Zingwe za Chouma

Pa madalaivala onse amene anagwirapo chiwongolero cha lole, panalibe womanga lona lophimbira katundu ngati Chouma. Dzinalo anamupatsa ndi anzake, chifukwa katundu wake ankafika wouma nthawi zonse, kaya kumwamba kung'ambike chotani. Munthu ameneyu anayenda. Anadumpha malire a mayiko, anagona m'madoko, anakwera mapiri amene lole powakwera imalira ngati mwana wakhanda. Ankadzitama kuti mawu oti "phimba" amawadziwa m'zinenero zonse za m'njira, ngakhale "zikomo" wa zinenerozo sanavutike naye. Anayamba ngati wosenza matumba, wopanda ndi nsapato zomwe, koma tsopano anali ndi lona lakelake, lobiriwira, lolemera ngati ng'ombe, ndi zingwe zimene sankabwereketsa ngakhale kwa mlamu wake, mwini loleyo.

Chinsinsi chake chinali mfundo. Ankamanga mwakuti mphepo ikamakoka lona, mfundo imalimbira pomwepo. Ndipo chiyambire ntchito anali asanadulepo chingwe. Dalaivala wodula chingwe, iye ankati, ndi wogulitsa nyama amene wasochera pamsewu.

Tsiku lina ananyamula simenti yokamangira nyumba zosanja. Mlamu wake anamuchenjeza pachipata kuti makasitomala amenewa ndi atsopano, thumba limodzi likangonyowa ntchito yawathera onse awiri. Chouma anangoseka, n'kumenya lona ndi chikhatho ngati akusisita hatchi.

Mvula inamupeza masana pamwamba pa phiri, pamalo opanda nyumba kapena mtengo, ndipo inabwera ndi mphepo yolasa m'mafupa. Atangokhota, anaona minibasi itagona chagada m'ngalande. Ovulala ambiri anali atatengedwa kale ndi galimoto ina. Panatsala anthu atatu: wogulitsa zipatso wina, amene malalanje ake anali mbwee pamsewu, mayi wina, ndi mwamuna wa mayiyo atagona pamiyala. Wogulitsa zipatsoyo anafotokoza kuti m'minibasimo munali namwino, amene asanapite ndi ovulala enawo analetsa kumunyamula bamboyo chifukwa msana unali utathyoka. Anati asamugwedeze, angomuteteza ku mvula ndi kuzizira mpaka ambulansi ifike.

Mayiyo anali atawerama pamwamba pa mwamuna wake, kumutchinga ndi msana wake womwe, koma madzi ankangodutsa. Bamboyo ankanjenjemera mpaka mano kugundana, milomo itachita phulusa.

Chouma anathamangira bulangeti lake la m'galimoto. Linanyowa asanamalize kuliyala. Anavula jekete, nayonso inamwa madzi. Apo mayiyo anadzutsa mutu n'kuyang'ana lole, ndipo Chouma anadziwa chimene akuyang'ana. Anayamba kufotokoza za simenti, kuti si yake, kuti ikalawa madzi imasanduka mwala, kuti pakhomo pake ndi pa mlamu wake mphika umadalira ulendo umenewu.

"Achimwene," anatero mayiyo mosakweza mawu, "simenti ilibe ana."

Chouma anayang'ana lona lake, mvula ikutsetsereka pamwamba pake bwinobwino monga mwa masiku onse, kenako anati chabwino, litsike.

Wogulitsa zipatso anasolola mpeni wake wosendera malalanje n'kumupatsa. Chouma anaukankha. Anamuuza kuti aone yekha, mfundo zake zimamasuka ndi chala chimodzi, mpeni ngwa anthu osadziwa ntchito. Anagwira mfundo yoyamba n'kukoka. Sinasunthe. Zingwe zinali zitafufuma ndi madzi, ndipo mphepo ya m'phiri inali itazikoka ulendo wonse, mfundo n'kumalimba monga momwe mwini wake anaziphunzitsira.

Analimbana nayo ndi zikhadabo, kenako ndi mano, mpaka inalola. Yachiwiri inamusupula chala.

"Akulu, dulani," anatero wogulitsa zipatso. "Zingwe n'zambiri m'sitolo."

"Zatsala pang'ono. Gwirani uko."

Sizinatsale pang'ono. Lole ndi chinthu chachitali, ndipo Chouma sankamanga mwaulesi. Anazungulira mbali yonse, mfundo ndi mfundo, magazi a chala akusakanikirana ndi mvula, mpeni uli m'dzanja la mnzakeyo pambali pake penipeni. Pomaliza lona linatsika ndi mkokomo, awiriwo n'kulikwakwaza kudutsa msewu.

Anapeza mayiyo atakhala tsonga pamiyala, manja ali pamiyendo. Sankatchinganso kanthu. Mano aja anali atasiya kugundana.

"Mufunditseni mpaka kumutu," anatero.

Anamufunditsa. Lonalo linakwana bamboyo, mkazi wake, ndi iwo awiri, malo n'kutsalabe. Anakhala pansi pake akumva mvula ikuwomba pamwamba, osalowa ngakhale dontho. Kunja matumba a simenti ankamwa madzi poyera. Ambulansi itafika, inanyamula mtembo.

M'mawa mwake loleyo inalowa pachipata itasenza miyala yooneka ngati matumba. Mlamu wake anakwera, anaponda thumba limodzi ndi chidendene, n'kutsika. Anamvetsera nkhani yonse osamudula pakamwa, kenako anafunsa ngati munthuyo anapulumuka. Chouma anapukusa mutu.

"Ndiye simenti yanga yafera chiyani, alamu?"

Anatambasula dzanja, Chouma n'kuikamo makiyi.

Kunyumba anafika ndi lona lake ndi zingwe zake zonse, zamphumphu, popanda ndi chimodzi chomwe chodulidwa. Anazikulunga bwino n'kuzipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo zinakhala pamenepo nyengo yonse ya mvula, iye akungokhala pakhonde.

Tsiku lina mkazi wake anapempha kachidutswa koti ayanikirepo zovala, akuyembekeza kukanizidwa monga kale. Chouma anatsitsa chingwe chimodzi, anatenga mpeni wa kukhitchini, wobuntha uja wosendera mbatata, n'kuugoneka pachingwepo. Unadutsa kamodzi kokha. Anakhala akuyang'ana nsonga ziwirizo m'manja mwake mpaka mkazi wake anachita kumulanda.