Lamba wa a Goliati ndi Nthanga za Maungu

Lamba wa a Goliati anali atayamba kuwakulira. Chibwerereni kuchipatala, kumene anawapeza ndi chifuwa chachikulu cha TB, thalauza linkangotsetsereka m'chiuno.

"Fyness mwanawe, kawotche msomali uja," ankatero.

Fyness anali mwana wawo woyamba, mtsikana wamanyazi woti ngakhale yankho akulidziwa m'kalasi, dzanja linkamulemera. Ankaika msomali pamoto mpaka ufiire, n'kuboola bowo latsopano pa lamba. Bambo akewo ankaseka kuti lambayu akukula ngati mwana wa sukulu. Fyness ankaseka nawo, koma akapita kuseri kwa nkhokwe misozi inkangotsika yokha. Sanauzepo munthu chimene ankaopa, kuti tsiku lina pa lambapo padzasowa poboola.

Mankhwala a Goliati ankamwa osadumphitsa. Chimene chinkavuta chinali chakudya. Mtedza sunabereke chaka chimenecho, ndipo chitopa chinatha nkhuku zonse n'kusiya tambala mmodzi. Phala linali lopanda kanthu, ndiwo zake nkhwani wa mchere wokha. Njinga imene ankanyamulira mpunga wa anthu kupita nawo ku Chiringa inangoyedzamira khoma, matayala ataphwa. Chimene chinabereka kumunda anali maungu basi.

M'mawa wina kunabwera a Edina, mlangizi wa zaumoyo, kudzaona ngati mankhwala akumwedwa. Anapeza amayi a Fyness akudula maungu, a Goliati ali pamkeka akuponyera tambala nthanga.

"Odi kuno! Iii, koma tambala uyu! Ndi wa pakhomo pompano?" anafunsa a Edina.

"Ndi mnzanga ameneyu," anayankha a Goliati. "Timacheza limodzi."

"Nanga mnzanuyo akunyezimira bwanji chonchi, inu nthiti zili pamtunda? Mumam'patsa chiyani?"

"Palibe. Nthanga zotayazi basi."

A Edina anagwira pakamwa. "Mayi a Fyness, ndiye kuti chakudya cha wodwala akudya ndi tambala!"

Atakhala pansi anafotokoza bwinobwino. Anati mankhwala amapha tizilombo, koma thupi limamangidwa ndi chakudya. Nthanga za maungu zili ndi mafuta ndi zomanga thupi ngati mtedza, ndiponso zimathandiza magazi.

"Ndiye mukufuna nanenso ndiyambe kulira kokoliriko?" anatero a Goliati.

"Mukadzalira ndiye tidzadziwa kuti mwachira," anayankha a Edina, onse n'kuseka. Kenaka anatembenukira kwa Fyness. "Iwe ndiwe wa sukulu, mvetsera. Nthanga uzitsuke ndi madzi oyera, uziyanike pathandala, osati pansi. Zikauma uzikazinge, usinje, usefe kuti makoko achoke. Ufawo uzitendera ndiwo ndi kuthira m'phala. Zodzala zothira mankhwala kapena zochita nkhungu, zimenezo ayi. Phalalo lizikhala la mgaiwa, poti mukakonola chimanga mphamvu imapita ndi madeya. Wamva?"

Fyness anangogwedeza mutu akuyang'ana zala zake, koma zonse zinalowa.

Nthanga zoyamba zitauma, Fyness anatendera nkhwani. A Goliati analawa pang'ono, nkhope ili gwaa ngati akumwa mankhwala. Anatapanso. Posakhalitsa anali akukanda m'mbale ndi chala.

"Tambala uja ndi mthira kuwiri," anatero. "Ankadya zokoma chonchi osandiuza mnzake!"

Koma nthanga za pakhomo sizinachedwe kutha, pakuti dzungu limodzi limatulutsa kaufa kochepa. Amayi a Fyness ndiwo anakumbukira kuti azimayi ogulitsa maungu ophika ku msika wa Chiringa amangotaya nthanga.

"Ine sindingawasiye okha bambo akowa. Upite iweyo ukapemphe."

Kupempha? Pamsika? Komabe tsiku la msika Fyness anatenga kabeseni n'kunyamuka. Atafika anaima chapatali, akungozungulizazunguliza kabeseniko m'manja. Nickson, mnyamata wa m'kalasi mwake amene ankagulitsa zitumbuwa, anamufunsa chimene akufuna. Fyness anamunong'oneza.

"Nthanga?" Nickson anafuula. "Anthu inu, Fyness wayamba kutompha! Nankhuku! Kip-kip-kip!"

Fyness anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera, manyazi atamugwira. Koma podutsa pa okonza nsapato, fungo la chikopa chopserera linamulowa m'mphuno, lofanana ndi la lamba uja akamaboola. Anaima. Akabwerera ndi kabeseni kopanda kanthu, ndiye kuti akawotchanso msomali. Anabwereranso mumsika n'kunjuta pamaso pa mayi wina wachikulire, a Belita, amene ankapala dzungu.

"Zikomo amayi, nthangazo musataye," anatero motsitsa mawu.

"Wati chiyani? Kweza mawu mwanawe, khutu ili linafa kale!"

"Ndati nthangazo musataye! Ababa akudwala, tikufuna tiziwatenderera ndiwo!"

Mzere wonse wa maungu unacheuka. Fyness analakalaka nthaka itang'ambika. Koma a Belita anangoika mpeni pansi.

"Mwana wa a Goliati a njinga iwe eti? Amayi anga, ochokera ku Mozambiki, ankatendera zimenezi. Ife ndife tinayamba kuzinyoza. Bwera nako kabeseniko." Kenaka anakuwira Nickson kuti, "Iwe wa zitumbuwa, mnzako akusamala bambo ake. Iwe ukusamala yani?"

Kuyambira tsikulo azimayi aja ankamusungira nthanga m'mapoto oyera. Fyness ankatsuka, kuyanika, kukazinga, zina n'kusunga m'chitini chotseka bwino kuti zidzathandize maungu akadzatha. Ena mwa azimayiwo anayamba kumufunsa kasinjidwe kake kuti akapangire ana awo, ndipo iye ankawayankha osayang'ananso pansi.

Nandolo wamuwisi atayamba kuthyoledwa, a Goliati anaitana ali pakhonde.

"Fyness, bwera kuno. Lamba uja."

Fyness sanafunse. Anapita kukhitchini, anawotcha msomali, anabwera nawo ataupanira ndi timitengo, maso ali pansi.

"Nanga msomaliwo ndi wa chiyani?" anafunsa bambo ake. "Taya uko. Taona apa."

Anakweza malaya. Mabowo onse akuda amene Fyness anaboola anali atadumphidwa. Lamba anali atabwerera pa bowo lake lakale.

Fyness anayesa kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola. Ulendo uno sanathawire kuseri kwa nkhokwe.

Sikelo ya kuchipatala nayonso inavomereza, ndipo a Edina anawakumbutsa kuti mankhwala amwe mpaka amalize. A Goliati anapopa matayala a njinga n'kuzungulira nayo pabwalo, tambala akuwatsata m'mbuyo.

"Pepa mnzanga," anamuuza. "Ukadzipalasire wekha."

Banja la a Goliati linaphunzira kuti mankhwala amayenda limodzi ndi chakudya chabwino, ndipo chakudyacho nthawi zina chimakhala chomwe tikutaya. Nthanga za maungu ndi madeya si zinyalala. Tizisamale mwaukhondo, tidyetse odwala ndi ana athu, ndipo tisachite manyazi kupempha kwa anzathu zimene iwo akutaya.