Msodzi Wofulatira Kaputeni

Kalabu yathu ya okonda paki ya zosangalatsa ya Veenhorst imakumana m'kachipinda ka kuseri kwa malo odyera, momwe mumanunkha mafuta a tchipisi ngakhale mutatsegula mazenera onse. Ambirife ndi anthu a imvi, okhala ndi tikiti ya chaka chonse. Anthu amatiseka kuti akuluakulu athunthu tikukwera zinthu za ana. Ife tinasiya kalekale kuwayankha.

Chaka chimenecho eni paki analengeza kuti Ulendo wa Kuzilumba utsekedwa kuti umangidwenso. Umenewu ndi ulendo wa pabwato, woyenda m'ngalande ya mumdima. Mumanyamuka padoko la kwathu kuno, n'kudutsa m'namondwe, kenako n'kufika pachilumba pamene kaputeni wa chipewa chachikulu waima pansi pa mtengo wa kokonati, zidole za anthu a pachilumbapo zitamugwadira, madengu a zonunkhira ali m'manja. Eni paki anati nkhani imeneyo yakwana. Yatsopano idzakhala ya eni chilumbacho, ndipo zidole zonse zakale zichoka. Pofuna kutipepesa, anati kalabu isankhe chidole chimodzi chokha choti chidzalowe mu ulendo watsopanowo. Zotsalazo zikaphwasulidwa.

Pa intaneti panavuta. Ena ankati akutifufutira ubwana wathu, ena ankati ubwana umenewo unamangidwa pa maondo a anthu ena. Ine ndinkawerenga zonse koma sindinalembeko kanthu. Ndinkaona kuti mbali zonse ziwiri zikulankhula zoona pang'ono ndi zaukali zambiri.

Amene ankatsogolera ofuna kupulumutsa kaputeni anali a Fokko Dijkema, wapampando wathu. A Fokko anafunsira malemu akazi awo m'bwato lomwelo, pamaso pa kaputeni yemweyo, choncho palibe ankadabwa. Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo anali a Zeth Tahapary, dokotala wa mano wopuma pantchito, amene makolo awo anabwera kuno pasitima kuchokera kuzilumba za Maluku iwo asanabadwe. A Zeth nawo sanalembe kanthu.

Ku kalabu kwathu aliyense ali ndi mpando wake m'bwato. Palibe anakhazikitsa lamulo limeneli, koma kukhala pampando wa mnzako kuli ngati kuvala jekete lake osapempha. A Fokko ndi kutsogolo kumanja, pamene kaputeni amaonekera bwino mpaka mabatani. Ine ndi pambuyo pawo. Tikafika pachilumba tonse timavula zipewa n'kufuula kuti, "Moni, kaputeni!" A Zeth, chiyambire, amakhala kumbuyo kwenikweni kumanzere, pampando umene timautcha wa chilango, chifukwa madzi a namondwe amathera pomwepo ndipo kaputeni amabisika ndi mitu ya anthu. Tinkangoti ndi munthu waulemu, amasiyira anzake malo abwino.

Tsiku la voti kunabwera mayi Mirthe, mmodzi mwa okonza nkhani yatsopano, mtsikana wodekha wa magalasi aakulu. Anationetsa zithunzi za msika wa pachilumba, ana akusambira, ngalawa za eni dziko. Zinali zokongola, sindinganame. A Fokko anadikira kuti amalize, kenako anaimirira.

"Mayi, zithunzi zanu n'zabwino, koma mukuchiza munthu wosadwala. Ndani analira m'bwato lija? Ndani anadandaula? Funsani a Zeth awa! Magazi awo ndi a kuzilumba komweko, koma akwera ulendowu kuposa tonse muno. Kodi munthu amabwerezabwereza chinthu chimene chikumunyoza?"

Anthu a imvi anaomba m'manja. Achinyamata a kumbuyo anang'ung'udza. A Zeth anali kudula keke yawo ya maapulo tizidutswa ting'onoting'ono, monga amachitira nthawi zonse.

Mayi Mirthe anatembenukira kwa iwo. "Bambo Tahapary, musakakamizike kuyankha. Ife tikudziwa kuti anthu ngati inu mwakhala mukupirira mwakachetechete. N'chifukwa chake tikuchotsa zonse. Mukadzalowa mwatsopanomo simudzaonanso chilichonse chokukumbutsani zakale."

A Zeth anaika foloko pansi. "Nonse awiri mukundilankhulira bwino kwambiri. Kapena ndizipita kunyumba, mudzandiuze mawa zimene ndanena?"

Tinaseka, ngakhale mayi Mirthe anaseka nkhope itafiira.

"Ine kaputeni wanuyo mutha kumuwotcha kapena kumuika mu tchalitchi, zilibe kanthu kwa ine," anapitiriza a Zeth. "Koma pali chimodzi. Ndikufuna msodzi."

"Msodzi uti?" anafunsa a Fokko.

"Wosoka ukonde."

"Amwene, mwayamba kuiwala mankhwala anu? Mulibe msodzi mmuja. Ine ndikudziwa msomali uliwonse wa mu ulendo umenewu. Ndikhoza kukuuzani chinkhwe cha pamtengo chija chinasintha liti mtundu wa nthenga."

Mayi Mirthe anakanda pamphumi. "Chilipo chidole china kuseri kwa thanthwe, mbali ya kumanzere. Chinapangidwa kuti chizitembenuka n'kuweramira kaputeni bwato likamadutsa, koma makina ochitembenuza anafa kalekale chitayang'ana kukhoma. Sitinachiike n'komwe pa zoti musankhe. Ndi chowonongeka."

"Ndikudziwa kuti ndi chowonongeka," anatero a Zeth. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikusuzumira m'kamwa mwa anthu, chinthu chowonongeka ndimachizindikira. Ndikupempha chinthu chimodzi tisanavote. Tikakwere kaye, ndipo a Fokko akhale pampando wanga."

Kukanakhala kosavuta kupempha a Fokko kuti abwereketse mano awo oikirira.

"Pachilango? Ndi buluku ili?"

"Lidzauma, akulu. Langa lakhala likuuma zaka zonsezi."

Aliyense ankadziwa kuti tikavota pomwepo kaputeni apambana, chifukwa manja ambiri ku kalabu amakwera potsatira dzanja la a Fokko. A Fokko nawo ankadziwa. Akanatha kunena kuti nthawi yatha, tivote. Anayang'ana mnzawoyo kwa kanthawi, kenako anatola chipewa chawo.

Tinatuluka m'kamvula kowaza n'kukaima pamzere limodzi ndi ana. Mnyamata wokweza anthu, amene amadziwa mipando yathu, anatsegula pakamwa ataona a Fokko akupita kumbuyo. A Zeth anakhala pambali pawo. Mpando wa kutsogolo kumanja unayenda wopanda munthu, palibe analimba mtima kukhalapo.

Pa namondwe ndinamva a Fokko akutukwana chapansipansi madzi atawakhuthukira pamiyendo. Kenako nyimbo ya zitoliro inayamba, magetsi achikasu anayaka kumanja, kaputeni anakweza dzanja lake. Tinavula zipewa. "Moni, kaputeni!" Koma moniyo anamveka wopepuka, ngati kwaya yopanda besi. Mawu a a Fokko munalibe. Bwato likukhota ndinamva a Zeth akunena motsitsa kuti, "Pano. Musayang'ane kuli magetsi, yang'anani kuno."

Titatsika, a Fokko anali kufinya mwendo wa buluku. Anthu anawazungulira.

"Alipo?"

"Alipo," anatero. "Wavala kachipewa ka udzu. Dzanja limodzi likuyendabe." Kenako anakalipa ngati talakwa ndife. "Mukundiyang'ana chiyani? Pitani mukaone nokha!"

Masana amenewo anthu anaona zachilendo ku Veenhorst: nkhalamba zikulimbirana mpando woipitsitsa m'bwato, aliyense kudikira bwato lakelake kuti akhale kumbuyo kumanzere. Inenso ndinakwera. Msodziyo amaoneka kanthawi kochepa chabe, bwato likamakhota, mutu wako ukakhala kuti wafulatira magetsi. Wakhala pamwala, msana wake uli kwa kaputeni, ukonde uli pamaondo, dzanja likukwera ndi kutsika. Kumbuyo kwake anthu onse agwada, nyimbo ikulira, iye alibe nazo ntchito. Utoto wa pamapewa pake unasuluka. Ndinadutsa pamenepo zaka zonsezi chipewa chili m'manja, maso ali kwina.

Titabwerera m'kachipinda kathu, mabuluku onse ali onyowa, a Zeth anafotokoza mwachidule, atagwira kapu ya khofi.

"Ndinabwera ku paki kuno koyamba ndili mwana, ndi amayi anga, pa ulendo wa azimayi a kutchalitchi. Tinali omaliza pamzere, ndiye tinapeza mpando umenewo. Titafika pachilumba amayi anaona anthu ogwada aja. Anangondigwira chibwano n'kunditembenuzira kumanzere, amvekere, 'Taona agogo ako. Alibe nthawi ya alendo, ali ndi ukonde woti asoke.' Agogo anga enieni sindinawaonepo, ngakhale pachithunzi. Ndiye ndimabwera kudzaona amenewa."

"Zaka zonsezi osandiuza?" anatero a Fokko.

"Munandifunsapo? Inu mumangoti ndine waulemu. Ndinaona kuti ndi mbiri yabwino, ndinaisunga."

"Nanga moni wa kaputeni uja mumafuula nawo?"

"Ine? Ndi mano anga omwewa? Ayi."

A Fokko anapukusa mutu. Sanapepese, ndipo a Zeth sanaoneke ngati akudikira kupepesedwa.

Mayi Mirthe anali atakweranso nawo, siketi yawo ikudontha. Anati msodziyo akhoza kulowa pa zosankha. "Ndipo akapambana tidzamukonza bwinobwino. Makina atsopano, utoto watsopano, tidzamuika kutsogolo pa magetsi kuti azitembenuka n'kupatsa moni alendo."

"Ayi!" A Fokko anamenya tebulo mpaka masupuni analira. "Mayi, inu mumamva koma? Munthu wakana kutembenuka kuyambira ine ndili ndi tsitsi, inu mukufuna mumutembenuze ndi sikuludiraiva? Mukatero ndiye mwapanga chiyani chosiyana ndi kaputeni?"

Mayi Mirthe anayang'ana a Zeth. Ulendo uno anafunsa. "Bambo Tahapary, inu mukuti bwanji?"

"Utoto mupake, akuzizidwa. Koma khosi musaligwire. Ndipo musamuike pa magetsi. Amene akumufuna amupeza."

Nthawi ya voti itakwana a Fokko anaimirira. "Ine dzanja langa likwera kwa kaputeni. Anali mboni tsiku limene mkazi wanga Geesje anandilola, sindingamutaye lero ngati sindikumudziwa. Koma ili ndi dzanja langa, la nkhani yanga. Aliyense amene akweze lake chifukwa choti waona langa, ameneyo ndi nkhosa, ndipo ndidzamuuza pamaso."

Anakweza dzanja. Ena angapo anakweza nawo, anthu amene anali ndi zifukwa zawo, ndipo palibe anawanyoza. Achinyamata ena anakana kuvota, ati chidole chilichonse chakale n'chakale basi. Otsala tonse tinakweza kwa msodzi. Sanapambane ndi manja ambiri, koma anapambana. A Zeth anamaliza keke yawo.

Ulendo watsopano unatsegulidwa chilimwe chotsatira. Pa intaneti akukanganabe mpaka lero, ena ati ndi wabwino koposa, ena ati ulibe mchere. A Fokko amati nyimbo yake ndi yofooka, namondwe anafupika, ndipo chinkhwe chatsopano chikuoneka ngati nkhuku. Amanena zimenezi mlungu uliwonse akutsika m'bwato, n'kukaimanso pamzere.

Msodzi ali pomwe anali, kuseri kwa thanthwe, malaya ake ndi abuluu tsopano. Kaputeni kulibe, ndiye amene wafulatiridwa ndi ife okwera. Amaonekabe kuchokera pampando umodzi wokha.

Loweruka lina ine ndi a Zeth tinachedwa pang'ono, tinapeza bwato la kalabu litatsala pang'ono kudzaza. Kumbuyo kumanzere kunali a Fokko, atayala pepala la pulasitiki pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo ngati sakutiona.

"Akulu," anatero a Zeth, "mwasochera?"

"Bondo likundivuta. Kutsogolo kuja n'kopanikiza."

"Bondo lake liti? Dzulo munali panjinga."

"Khalani apa pambali, amwene, mukuchedwetsa ana."

A Zeth anaima pomwepo, manja m'thumba, mpaka mnyamata wokweza anthu anayamba kuseka. A Fokko anausa moyo, anasendera kumanja, n'kusiya pulasitiki ija pampandopo.

"Ndakufunditsirani mpando," anatero. "Koma tikafika pokhota muweramitse mutu, nanenso ndione."