Zenera la mu Mpanda

Ovololo ya malemu inali ikadali pamsomali, mawondo ake atatukuka ngati mwini wake wangodzuka kumene pogwada. Sabina anaitsitsa, naipinda, naiika m'chikwama. Mlongo wake Leroy anali pakhomo akuseweretsa makiyi.

"Fulumirani, achemwali. Madamu afika thwelofu."

"Munthu wakhala muno zaka makumi awiri ndi ziwiri, iwe ukufuna ndimulongedze ngati buledi?"

Bambo awo, a Bonaventure Kachingwe, anaikidwa m'manda Loweruka ku Vosloorus, ku Joni, kutali ndi Dedza kumene unagwera mchombo wawo. Lero, Lachinayi, ana awiriwa anabwera kudzatenga katundu m'kachipinda ka kuseri kwa kalabu ya esiteti ina ya nyumba za anthu olemera ku Bedfordview. Kalabuyo inali holo ya eni nyumba, ya mipando yofewa ndi dziwe losambiramo, ndipo malemuwo ndiwo ankaisamala. Joni ndi wotero. Amakumwa mphamvu zonse, kenaka n'kubwezera ana ako zikwama ziwiri.

Leroy anali atatha miyezi isanu ndi inayi ali pa ulova, mkazi wake ali woyembekezera. Ntchito ya bambo ake ankaifuna, ndipo Mayi Pretorius, wapampando wa komiti ya eni nyumba, anali atamulonjeza pafoni. Anangomuuza chinthu chimodzi choyamba kuchita: kabokosi ka wayifayi kachoke pazenera la kalabu pamene malemu anakaika, kabwerere m'kabati ya mu ofesi. Intanetiyo komiti inaikira eni nyumba, osati anthu ounjikana kumpanda.

"Ndiye musakalankhulepo kanthu," anatero Leroy. "Pakamwa panu mukupadziwa."

Sabina anatola chisizasi chodulira maluwa chimene chinali pansi pa bedi, natuluka kuti akachisiye kosungira zipangizo. Kuseri kwa kalabu kunali mpanda wa mitengo yothithikana, wautali kuposa munthu. Pakati pake panali bowo lalikulu ngati lichero, lodulidwa mwaluso, loyang'anizana ndendende ndi zenera la kabokosi kaja. Mphukira zatsopano zinali zitayamba kale kulitseka. Kunja, m'mbali mwa msewu, amayi asanu anali atakhala pathabwa losanjikidwa panjerwa, aliyense foni kumanja.

Mmodzi anasuzumira pabowopo. "Ndinu mwana wa a Bona? Mphumi yomweyo. Ine ndine Aziza, ndimagwira kunyumba nambala fotini. Pepani ndi zovuta. Kumaliro tinaliko, koma tinakhala kumbuyo."

"Zikomo. Nanga bowoli n'lachiyani?"

"Ankati masamba amadya netiweki." Aziza anaseka pang'ono. "Lachitatu lililonse ankadula, kuti Lachinayi, tsiku lathu lopuma, tipeze njira ili mbee. Pasiwedi ikasintha ankatiuza akuthirira maluwa, nkhope atayang'ana kwina, ngati akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi."

"Koma ukali!" anatero mayi wina osakweza mutu. "Ukangoyamba kuonera zovina, iwo uko, 'Imeneyo ndi ya kumudzi, mayi, si ya madansi!'"

Onse anaseka, kupatula Aziza, amene anali kusisita foni ndi chala.

"Mayi anga anamwalira chaka chatha ku Mangochi," anatero. "Ife Asilamu maliro sitigoneka. Basi ya masiku awiri ikanandifikitsa manda atauma. Ndinathamangira pano. Mng'ono wanga anandionetsa nkhope yawo pafoni asanawakulunge m'sanda. A Bona anali akumeta udzu. Anazimitsa makina, n'kuvula chipewa, n'kuima pomwe mwaimapo mpaka nditamaliza kulira."

Sabina anayang'ana pansi pamene anaponda. Anakumbukira kalata imene inafika ali mu sitandade thuu, yonena kuti agogo ake anamwalira ku Dedza. Inayenda miyezi iwiri, m'matumba a anthu atatu. Bambo ake anaiwerenga ataimirira, naipinda kanayi, napita kuntchito. Za kalatayo sanazitchulenso mpaka imfa yawo.

Mayi Pretorius anafika pa nthawi yake, atanyamula maluwa a m'sitolo. Anapepesa m'Chingerezi, ndipo zinkaoneka kuti akunena zochokera pansi pa mtima. Kenaka anatembenukira kwa Leroy.

"Kabokosi kaja, monga tinakambirana."

"Inde, madamu."

"Kasiyeni pomwepo, madamu," anatero Sabina.

Leroy anamuponda chala. Sabina sanasunthe phazi.

"Ndi lamulo la komiti," anatero Mayi Pretorius. "Eni nyumba akudandaula. Akuti pamsewu pakuoneka ngati pokwerera takisi."

"Amayi amenewo ndi amene amalera ana a eni nyumbawo. Ana awo anawasiya ku Mangochi, ku Bulawayo. Amawaona pabowo ilo, kamodzi pa sabata." Sabina anapitiriza. "Bambo anga akusungirani makiyi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Inasowapo supuni?"

"Ayi. Ngakhale imodzi."

"Chimene anatulutsa muno ndi mphepo yokha. Inu sinakuchepereni."

Mayi Pretorius anapita pazenera, nayang'ana kabokosi kakuphethira timagetsi take, nayang'ananso kumpanda.

"Ndipita nazo ku komiti Lolemba," anatero. "Mpaka tsikulo kasakhudzidwe. Za ntchito tikakambirananso komweko." Anatambasula dzanja, ndipo Leroy anaikamo makiyi.

Galimoto ya madamu itachoka, Leroy anakhala pansi pakhonde.

"Mwakondwa? Mwana wanga akabadwa azidzadya netiweki?"

Leroy sankanama, ndipo Sabina analibe ntchito ina m'thumba yoti amupatse. Anakhala pambali pake, chisizasi chili pakati pawo.

"Bambo akanachita chiyani?" anafunsa motsitsa.

"Bambo anali ndi ntchito kale, achemwali. Kulimba mtima n'kosavuta makiyi ali m'thumba."

Kumpanda kunamveka mawu a Aziza akuimba foni kumudzi. "Halo? Safia, ukundimva? Waima ngati chithunzi, mwanawe. Halo? Muonetse mwanayo kuno, ndione mano akewo. Halo?"

Leroy anamvetsera. Aziza anaitananso kawiri, kenaka kunangoti zii.

"Masamba sadya netiweki," anadandaula Leroy. "Zinali zongoganiza za mdala."

"Mwina."

Leroy anakhalabe pang'ono. Kenaka anatola chisizasi, napita kumpanda. Anagwada pamalo pamene udzu unali utaperepeseka kale ndi mawondo a munthu wina, nayamba kudula mphukira imodziimodzi, kutsata m'mphepete mwa bowo monga analisiyira mwini wake. Masamba anagwera pansapato zake. Atamaliza anawasonkhanitsa ndi manja, nawathira m'chipewa.

"Tayesaninso, amayi," anatero, nkhope atayang'ana kwina.