Nyale Zitatu za Pabalaza

Mzime atabwerako kumene anakadwazika mwana wake miyezi itatu, anapeza mawaya okhaokha akulendewera pasiling'i. Nyale zitatu zamkuwa, zamatcheni, zimene malemu bambo ake anapachika pabalazapo, kunalibe.

Achimwene ake, amene amagona kunyumba yawoyawo koma nyumba ya makolo amailamulira ngati thumba la buluku lawo, analibe ndi manyazi omwe.

"Zinathyoka zija, tinataya," anatero. "Loweruka ndibwera ndi wamagetsi aike machubu oyera, nyumbayi tiichititse lendi. Ndani angalowe m'nyumba yooneka ngati chombo cha Nowa? Iwe tikupezera kachipinda."

"Kachipinda? Ine ndikadapuma, machimwene a m'chipatala... pepani, machubu a m'chipatala salowa muno!" Mkwiyo unachita kumupiringiza lilime.

M'mawa mwake anayamba kusakasaka nyale zofanana nazo. Kusitolo yaikulu anazipeza, zonyezimira bwino, koma mtengo wake unali woti munthu ukhale kaye pansi. Atagogoda imodzi ndi chikhadabo, ii, pulasitiki yopaka utoto wagolide! Anatuluka osatsanzika. Kumsika wa katundu wakale anayenda mpaka chidendene kutupa, ndipo wogulitsa maloko wina ndiye anamulozera kwa mkulu wogula zitsulo zakutha.

Kumeneko, pakati pa zitseko za magalimoto ndi mabedi othyoka, Mzime anaona tcheni. Anakoka. Kunatuluka nyale yakuda bii, yosathyoka paliponse. Pansi pake panali zinzake ziwiri.

Bambo ake anali wamagetsi, ndipo mwana akabadwa ankapachika nyale imodzi, atazokota ndi msomali dzina la mwanayo m'kati. Achimwene sankadziwa zimenezi, chifukwa chibadwire sanakwerepo makwerero kukapukuta fumbi. Ntchito imeneyo inali ya Mzime. Anatembenuza nyale ija, ndipo dzina lake linali momwemo. Misozi inalengeza, koma anaibweza msanga.

"Zimenezi n'zamakedzana, mayi," anatero mkulu wa zitsulo ataona nkhope yake. "Mtengo wake ndi wapadera."

"Munagula bwanji?"

"Pasikelo. Anabweretsa bambo wina wamimba, wa galimoto yofiira."

"Galimotoyo ndikuidziwa, mimbayonso ndikuidziwa. Munagula pasikelo, mugulitsa pasikelo. Apo ayi ndikhala pompano n'kumauza aliyense wolowa kuti mumagula katundu wozembetsa."

Anakhaladi pa chitseko cha galimoto, chikwama pamiyendo. Mkulu uja anapukusa mutu n'kukatenga sikelo.

Masiku awiri Mzime anakwecha mkuwa ndi mandimu ndi phulusa mpaka zala kuwawa. Kenako anathimitsa magetsi pa bokosi, monga ankachitira bambo, n'kupachika yekha nyale ziwiri: yake ndi ya malemu achemwali ake. Yachitatu anaiika patebulo.

Loweruka achimwene analowa, wamagetsi ali pambuyo ndi machubu kukhwapa. Anayang'ana m'mwamba, pakamwa yasa.

"Zinathyoka, eti?" anatero Mzime. "Tengani yanuyo. Yang'anani m'kati."

Achimwene anaitembenuza monyinyirika. Munali dzina lawo laubwana, ndi tsiku limene anabadwa, m'zilembo zopendama za bambo.

"Makilo awiri ndi theka," anatero Mzime. "Ndiwo kulemera kwanu pamene munadzigulitsa. Ndakuwombolani ine. Mukafuna kagulitseninso, ndi yanu. Koma ziwirizi sizitsika, nanenso muno sindituluka."

Wamagetsi anatsamiritsa machubu ake kukhoma mwakachetechete.

"Bwana, nanga ndipachike chiti?"

Achimwene ankangosisita dzina lija ndi chala chachikulu, maso ali pansi. Mzime anakoka makwerero n'kuwaimika pansi pa mawaya otsala aja.

"Musiyeni wamagetsiyo," anatero. "Kwerani nokha, achimwene. Ndikugwirirani."